ZA MAPASA A M'CHINGEREZI, NDI KABUKU KOWASOKONEZA

Mwezi wathawu mwana wina wa m'kalasi mwanga anadza kusukulu ndi kabuku kakang'ono kamene mbale wache anamgulira pa msika wa ku Limbe. Kabukuko kalibe dzina la mlembi, kalibenso dzina la nyumba yosindikiza. Pa chikuto pache pali lonjezo lokha, lakuti wokawerenga adzadziwa zining'a za Chingerezi, napambana mayeso. M'kati mwache mau aikidwa m'mizere iwiri, Chingerezi ku dzanja lamanzere, Chinyanja ku dzanja lamanja, monga alembera mitengo ya katundu m'sitolo. Ndinakabwereka, ndinagona nako masiku atatu, ndipo ndifuna kukamba nanu, abale anga owerenga, zimene ndinapezamo; pakuti timabuku totere tachuluka m'midzi mwathu, ndipo makolo atulutsa ndalama zao za nandolo kugulira ana ao, poyesa kuti agula nzeru.

Sindinena kuti zonse za m'menemo nzabodza, ai. Zambiri nzoona, ndipo wolembayo anatuluka nako thukuta. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chirema chache chachikuru ndi ichi: pamene Angerezi ali ndi manenedwe awiri ofanana nkhope, iye awaika pamodzi, nawapatsa tanthauzo limodzi, ngati kuti munthu akhoza kutola ali onse amene dzanja lache lagwera. Manenedwe otere ine ndiwatcha mapasa. Mlendo akafika pamudzi ayesa ana awiriwo ndi mmodzi. Koma mai wao adziwa kuti uyu ngwofatsa, uyo ngwandeu, ndipo sawasokoneza ngakhale mumdima.

Ndiyambe ndi mapasa amene anandipweteka ine mwini. Pa tsamba lina kabukuko kalemba "I don't mind", pansi pache "I don't care", ndipo onse awiri kawamasulira kuti ndiribe nazo kanthu. Nditaona ichi manyazi anandigwira, chifukwa zaka za kumbuyoko, ndiri mphunzitsi wongotuluka kumene ku sukulu ya aphunzitsi, ndinalemba zomwezo pa bolodi, ana nakopera m'makope mwao. Mwa anawo munali mnyamata wina wakhama ndi waulemu, mwana wa mai wamasiye. Atatsiriza sukulu anapita ku Limbe kukafuna nchito ya ukalaliki pa kampani ina, ndipo mayeso olemba anakhoza bwino lomwe. Potsiriza bwana anamfunsa ngati angalole kugwira nchito Loweruka masana ndi masiku ena a tchuthi. Mnyamatayo, pofuna kuonetsa kuti sali wobvuta, anaimirira bwino, manja ali kumbuyo, nayankha ndi ulemu wache wonse kuti, "I don't care." Bwanayo anamuyang'ana, napinda mapepala, nati adzamuitana. Sanamuitane. Mnzache wogwira nchito komweko anamuuza pambuyo pache kuti bwana anati mnyamata uja ngwamwano.

Anadza kwa ine kudzafunsa chimene analakwa, atatenga kope lache lakale lija, nandionetsa mzere umene ine ndemwe ndinauchonga ndi inki yofiira. Ndinasowa pogwira.

Kusiyana kwache nkotere. Munthu akapemphedwa kanthu, nalola ndi mtima wabwino, anena "I don't mind", ndiko kuti palibe chobvuta, ndabvomera. Koma "I don't care" ndi mau a munthu amene watembenuza msana: sizindikhudza, chitani zimene mufuna. Ndiwo mau a mwana wopulupudza poyankha amai ache, otsagana ndi kutsonya. M'chinenero chathu palibe wamkuru angasokoneze "palibe kanthu" wonenedwa ndi nkhope yowala ndi "ndiribe nazo nchito" wonenedwa ndi pakamwa popotoka. Nanga bwanji tiphunzitsa ana kuti kwa Angerezi ziwirizi nchimodzi? Ndiponso liu lomweli la "mind" liri ndi msampha wina, umene kabukuko sikautchula konse. Mlendo akafunsa m'basi kuti, "Do you mind if I sit here?" sanafunse ngati mulola; wafunsa ngati zikupwetekani. Womlola ayankha "No". Mwana wathu, pofuna kunena kuti inde khalani, ayankha "Yes", ndipo wamkaniza mlendo malo uku akumsekerera.

Kapena wina adzati, nanga ife a kumudzi, olima chimanga ndi nandolo, tibvutikiranji ndi tinthu tating'ono totere? Yankho liri pafupi. Chiyambire 1968 Chichewa ndicho chinenero cha fuko lathu, koma Chingerezi chinakhalabe chinenero cha boma, cha makalata a nchito ndi cha mabwalo akuru a milandu. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira m'sukulu. Mwana akhoze masamu, akhoze zaulimi, akhoze zina zonse, koma akagwa Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, satifiketi ya MSCE sailandira. Kuno kwathu ku Nguludi anamwino ophunzira pa chipatala cha St Joseph awerenga za matenda m'Chingerezi. Ndipo pa Montfort, pamene kale panali sukulu ya aphunzitsi, pali yunivesite ya Katolika chiyambire 2006, ndipo m'menemonso muphunzitsidwa m'Chingerezi. Tifune tisafune, chinenero chimenechi chalowa m'nyumba mwathu, chakhala pamphasa.

Ndipo chilowa ngakhale kwa amene sanapite kusukulu. Ndi mudzi uti m'Chiradzulu muno umene ulibe mwana ku Johannesburg kapena ku Cape Town? Mwanayo akadwala, uthenga ufika pa foni, wolembedwa ndi bwana wache kapena mwini nyumba imene akhalamo, ndipo gogo atenga foniyo napita nayo kwa mdzukulu wa Sitandade 8 kuti amwerengere. Pamenepo ndi pamene mapasa ena awiri aopsa: "passed away" ndi "passed out". Oyambawo ndi kumwalira. Achiwiriwo ndi kukomoka, monga achitira munthu pa dzuwa lalikuru kapena ndi njala, nadzuka pambuyo pache. Pano ndiyenera kuchita chilungamo: kabukuko kamasulira onse awiri molondola. Koma kaika ena pa tsamba la kumayambiriro, ena kumapeto, osachenjeza mwana kuti awa ndi abale, usawasinthanitse. Chotero mlembi alakwa pawiri: osiyana awalumikiza, ndipo oyenera kuima pamodzi kuti tiwayerekeze awabalalitsa. Mdzukulu akaona "passed" mtima wathamanga kale, liu lotsatira saliyang'ananso, ndipo amai ayamba kulira maliro a munthu amene ali kumwa phala m'chipatala.

Palinso tanthauzo lachitatu. Apolisi ophunzira ku Kanjedza ku Limbe, ndi asirikali ophunzira ku Salima, akatsiriza maphunziro ao naguba pamaso pa akuru, anenanso kuti achita "pass out". Tsono uthenga wakuti mwana wanu "passed out yesterday" ukhoza kukhala wotumizira ndalama za mankhwala, ukhozanso kukhala wophera nkhuku. Chodziwitsa ndi kumene mwanayo ali, ndi amene walemba. Zimenezi mzere umodzi wa kabuku sungathe kuzinyamula.

Pa za maliro pomwepa pali liu lina loti "late". Ife a kuno tizolowera kunena "my father is late", kutanthauza kuti bambo anamwalira. Mngerezi akamva chotero akhala pansi nadikira, pakuti kwa iye mauwo ati bambo achedwa. Pofuna kunena malemu, iye aika "the late" patsogolo pa dzina. Musaseke msanga, pakuti alendo nawonso agwa m'mbuna zathu. Buku liwauza kuti kufa ndi kumwalira nchimodzi. Koma mlendo wofunsa mwana wamasiye kuti amai ako anafa liti wanena zoona, namlasa. Nkhuku ifa, munthu amwalira, wokondedwa atisiya. Ife tidziwa ichi osachiwerenga m'buku, chifukwa tinamva akuru akunena pa siwa, tinaona ndi nkhope zao.

Tsopano za "borrow" ndi "lend", zimene zatopetsa aphunzitsi onse a dziko lino. Mwana anena "borrow me your pen", ife timkalipira, chaka chamawa mng'ono wache anena zomwezo, timkalipiranso. Kabukuko kangoti nkulakwa, kaika mtanda pambali. Koma palibe auza mwanayo kumene kulakwako kuchokera, ndipo iye ayesa kuti ngwopusa. Sali wopusa, alondola njira ya chinenero chache. Ife titi ndibwerekeni khasu, titinso ndabwereka khasu kwa amalume. Liu ndi lomwelo, kaya khasu likutuluka m'nyumba kaya likulowa. Angerezi adula malire pamenepo: wopereka achita "lend", wolandira achita "borrow". Koma taonani, ife tidula malire pena, pamene iwo saona kanthu. Khasu, njinga ndi mtondo tibwereka, pakuti chibwerera chomwecho chimene chinapita. Ndalama, makamaka zambiri ndi zokhalitsa, tikongola, ndipo wopereka atikongoza, ndipo chotsala pakati pathu ndi ngongole. Mngerezi khasu ndi ndalama zonse angoti "borrow". Munda ndi umodzi womwewo, koma wina walima mizere yopingasa, wina yotsika ndi mtunda. Ndinayesa kufotokoza chotero m'kalasi chaka chatha, ndipo ana anaseka pomva kuti pali kanthu kamene Chinyanja chisiyanitsa ndi Chingerezi chilephera. Koma kuyambira tsikulo olakwa anachepa.

Ena ndingowatchula podutsa. Belu la sukulu lirira "on time", ndiko kuti pa ola lache lenileni. Mai wapakati afika kuchipatala "in time", ndiko kuti zinthu zisanaipe, ndipo palibe afunsa ola. Minibasi ya pa mseu wa Midima siidziwa "on time", koma kawirikawiri itifikitsa "in time". "Good evening" ndi moni wa pofika madzulo, "good night" ndi kutsazika. Mwana wolowa m'nyumba ya mlendo nati "good night" wanena gonani bwino asanakhale pansi. Wopita kukapemphera "goes to church", koma mmisiri wopita kukakhoma malata pa denga "goes to the church". Kaliu kamodzi kakang'ono kasiyanitsa Mkristu ndi kalipentala. Momwemonso "few people came" ndi dandaulo lakuti anthu sanabwere, pamene "a few people came" ndi chitonthozo chakuti anabwerako ndithu. Onsewa kabukuko kawapatsa tanthauzo limodzi limodzi: pa nthawi, moni wa usiku, kupita kutchalitchi, anthu ochepa.

Kodi kulakwa kumeneku nkosapeweka? Ine nditi ai, ndipo umboni uli m'mabuku amene alendo analemba pofuna kuphunzira chinenero chathu. Mbusa David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale yache ya Chimang'anja mu 1892, yosindikizidwa ku Edinburgh, ndipo Alexander Hetherwick anaikonzanso naitulutsa mu 1929. Amene anaitsegulapo adziwa kuti Scott sanakhutire ndi kuika liu limodzi pandunji pa linzache. Apereka liu, naonjeza ziganizo zolinyamula monga anthu analankhulira, ndipo pena aima nafotokoza mwambo wonse umene liulo likhalamo. Anadziwa kuti liu lochotsedwa pakamwa pa eni ache liri ngati nsomba yoikidwa pa mchenga. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika m'dziko muno mu 1901 nayamba mishoni ya Nguludi mu 1903, anali anthu a ku France ndi ku Holland. Chinyanja chinali chachilendo kwa iwo, Chingerezinso chinali chachilendo, ndipo anayenera kuphunzira zonse ziwiri ali akuluakulu. Chinyanja anachitola m'midzi, pofunsa ndi polakwa ndi posekedwa. Chodabwitsa nchakuti alendo pophunzira chathu anafuna ziganizo ndi miyambo, koma ife pophunzitsa ana athu chao tiwapatsa mizere iwiri ya mau ouma, ngati mndandanda wa msonkho.

Masiku ano kuli dikishonale yaikuru ya Steven Paas, ya mbali zonse ziwiri, imene a Oxford anaisindikiza mu 2016, ndipo ndikadakonda sukulu iri yonse ikadakhala nayo. Koma ngakhale dikishonale yabwino iri ndi polekezera. Ikuuza chimene liu litanthauza. Siingathe kukuuza nthawi zonse amene ayenera kulinena, kwa yani, ndi nkhope yotani. Ndipo pa mapasa ambiri kusiyana kuli pamenepo.

Chitsanzo chache ndi kupempha. Ife tiri ndi makwerero: ndipatse, ndipatseni, ndipatseniko, mungandipatseko. Ulemu wathu ukhala m'timau tating'ono tomamatira ku liu, ndi pa kusankha pakati pa iwe ndi inu. Mngerezi ali ndi "you" mmodzi, wa mfumu ndi wa mwana yemwe. Ulemu wache anauika kwina, m'mau onga "please", "could you" ndi "would you mind". Tsono mwana wolera bwino, amene m'mtima mwache anena ndipatseniko, akamasulira liu ndi liu atulutsa "give me", ndipo ulemu wonse wagwera panjira. Wakumva ayesa kuti walamulidwa. Kabukuko kalemba "give me" ndi "could you give me" pa mzere umodzi, kati zonse ndi ndipatseni. Ndani mwa ife angalole mpongozi wache kuphunzitsidwa kuti ndipatse ndi mungandipatseko nchimodzi?

Komabe pali pena pamene ndisiyana ndi kabukuko m'njira ina, ndipo pano ndidziwa kuti aphunzitsi anzanga ena sadzakondwera nane. Kumapeto kwache kuli tsamba la zimene katcha zolakwa za Amalawi, ndipo m'menemo kaponya pamodzi zoopsa ndi zosaopsa. Munthu akapunthwa pa mwala ife titi pepani, ndipo m'Chingerezi chathu titi "sorry". Mngerezi adabwa, nati si ndiwe unaika mwalawo. Pakuti kwa iye, pa tingozi tating'ono totere, "sorry" ndi mau a wolakwa, ngakhale pa maliro ndi pa tsoka lalikuru iyenso anena "I am sorry". Momwemo potuluka m'nyumba kanthawi titi ndikubwera, m'Chingerezi chathu "I am coming", pamene Mngerezi akadati "I'll be back", ndipo adabwa kuona munthu wonena kuti akubwera ali kupita. Kabukuko kati izi nzaumbuli, zisiyidwe. Ine sindibvomera. Pepani wathu ndi chuma: munthu amva ululu wa mnzache ngakhale sanaupange ndiye. Ndikubwera wathu ndi ulemu: sitisiya mlendo ndi liu la kupita, timsiya ndi liu la kubwera. Anthu a ku India ndi a ku Nigeria ali ndi Chingerezi chao chonunkhira kwao, ndipo sachita nacho manyazi. Mwana auzidwe kuti pa mayeso ndi kwa mlendo anene mwakuti, pakati pa abale ache anene monga tinenera. Asamenyedwe chifukwa cha chifundo. Koma "I don't care" m'malo mwa "I don't mind" si Chingerezi chathu, ndi ngozi chabe, pakuti atulutsa mwano umene mwini wache analibe mumtima. Buku losasiyanitsa mitundu iwiri imeneyi ya zolakwa liwopseza mwana pa zosaopsa, nkumsiya wosachenjezedwa pa zoopsa.

Tsono kwa inu makolo amene mudzaimanso pa msika ndi ndalama m'manja, ndipempha chinthu chimodzi, ndipo sichifuna kuti mudziwe Chingerezi. Tsegulani bukulo pakati, muyang'ane maonekedwe a tsamba. Mukaona mizere iwiri ya timau tatifupi kuyambira pamwamba kufikira pansi, libwezeni. Mukaona ziganizo zazitali, anthu awiri akuyankhana, wina wofunsa wina woyankha, limenelo lingathandize. Ndipo mwana akakuwerengerani uthenga wa pa foni wonena za matenda, musayambe kulira kapena kusonkha ndalama asanawerenge kachiwiri, liu ndi liu, ndipo ngati nkotheka mupite nawo kwa mphunzitsi kapena namwino. Safunsa anadya phula.

Kwa aphunzitsi anzanga ndinena chimene ndiyesa kuchita tsopano, ngakhale m'kalasi muli ana oposa mipando. Sindilembanso mapasa pa bolodi ndi tanthauzo pambali. Ndiitana ana awiri kutsogolo, wina akhala bwana wina wofuna nchito, wina namwino wina mbale wa wodwala, ndipo ayankhana. Kenaka ndifunsa kalasi m'Chinyanja kuti, kodi uyu wamlemekeza mnzache kapena wamnyoza, wamuuza za maliro kapena za kukomoka? Nthawi ipita yambiri, ndipo pa sabata tingatsirize mapasa awiri kapena atatu okha, pamene kabukuko katsiriza makumi awiri pa tsamba limodzi.

Kabuku kaja ndinakabweza kwa mwini wache Lolemba, nditalemba ndi pensulo m'mphepete mwa masamba 14. Mbale wache uja watumiza mau kuti ndaononga buku logulidwa ndi ndalama, ndipo kuti chobwereka sachilembamo. Pa mfundo yachiwiriyo ali ndi chilungamo, ndipo mlanduwo tidzakamba Loweruka likudzali, kunyumba kwa amai ao.

Mphunzitsi,
Nguludi.